Ndifuna kukwera Kilimanjaro ndi gulu la anthu osawadziwa, ndipite kapena ndileke?

Funso ili lachokera kwa amayi ena a ku Kapata muno mu Chipata, ndalidulako pang'ono chabe chifukwa linali lalitali.

"Ine ndine mphunzitsi, zaka 47, ana anga awiri anakula ali ku Lusaka. Kuyambira kale mtima wanga umafuna kukwera phiri la Kilimanjaro. Chaka chino chilimba chathu cha kusukulu chigwera ine mu June ndipo ndasungako zina pambali. Ndaona pa Facebook kampani ina imene imatenga anthu pagulu, akuti anthu 10 kapena 12, masiku 5, madola 1,100 zonse, ndipo akuti nditumize theka manje kuti andisungire malo mu August. Ine kunja sindinapiteko kupatula ku Lilongwe kukaona abale. Ndili ndi BP koma ndimamwa mankhwala. Ndikuopa kubedwa ndalama, ndikuopa kukhala ndekha pakati pa azungu osawadziwa, komanso ndikuopa kuti ndizikachedwetsa anzanga poyenda. Abale akuti ndapenga, ndalama zimenezo ndigule malata. Ndithandizeni."

Amayi, khazikani mtima pansi, simunapenge ayi. Ine nchito ya alendo ndinayambira ku Mfuwe m'makampu a mu South Luangwa, kenako ndakhala zaka zambiri ndikuperekeza timagulu ta alendo ku mapiri a ku Malawi ndi ku Tanzania, ndipo ndikuuzeni kuti anthu a msinkhu wanu, makamaka azimayi oti abwera okha opanda mwamuna olo mnzawo, ndi ambiri ndithu m'magulu amenewa, ena mpaka azaka 60 kupita m'tsogolo. Ndiye zoti mayi wa zaka 47 angakwere Kilimanjaro kapena ayi zisakusowetseni tulo, angakwere. Chimene chandidetsa nkhawa ine m'kalata yanu ndi ulendo umene akufuna kukugulitsaniwu, masiku 5 pa madola 1,100. Theka lija musatumize kaye.

Tiyambe ndi ndalama popeza ndi pamene pali changu. Kilimanjaro ndi paki ya boma la Tanzania ndipo palibe amaloledwa kukwera yekha, lamulo ndi loti mupite ndi gaidi wa laisensi kudzera ku kampani yolembetsedwa. Pageti kampaniyo imalipira pa mutu wa mlendo aliyense, ndipo ife a ku Zambia olo kuti ndife oyandikana nawo satiika pa mtengo wotsika wa nzika za East Africa, timalipira madola mofanana ndi mzungu wochokera ku London. M'zaka zapitazi mtengo wakhala madola 70 pa tsiku kungokhala m'pakimo, madola 60 usiku uliwonse ngati mugona m'tinyumba ta njira ya Marangu kapena 50 ngati mugona mu tenti, madola 20 a anthu opulumutsa pakachitika ngozi, kenako VAT ya 18 peresenti pamwamba pa zonsezo. Ulendo wa masiku 5 nthawi zambiri umakhala wa Marangu, ndiye inu aphunzitsi werengerani nokha, masiku 5 ndi mausiku 4 zikupitirira madola 700 musanadye kanthu. Pa 1,100 paja patsala osakwana 400, ndipo m'menemo mutuluke malipiro a gaidi ndi omuthandiza ake, wophika, anyamata awiri kapena atatu onyamula katundu wa inu nokha, chakudya cha masiku onse, motoka yopita kugeti ndi kubwerera, hotela ya ku Moshi, phindu la kampani, ndi phindu la amene waika zimenezi pa Facebook ngati iye ndi wapakati chabe. Sizikukwana.

Zikapanda kukwana chonchi pali zinthu ziwiri. Mwina ndi akuba chabe, akalandira theka lija foni izima. Kapena ulendo ulipodi koma adula pena pake, ndipo kumene amadula ndi kumene mlendo saona msanga, malipiro a anyamata onyamula katundu, chakudya chawo, botolo la oxygen la pangozi, ndi chiwerengero cha magaidi. Ine ndinakumanapo ndi gulu la kampani ina yotchipa pa msasa wa pamwamba, anyamata awo atavala nsapato za tenesi zong'ambika kunja kukuzizira koopsa, akudya kamodzi patsiku, katundu pamutu wopitirira makilo 20 amene lamulo limalola, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira chifukwa anyamata amenewo ndi ana a anthu ngati athu omwe a kuno. Kuli bungwe ku Moshi lotchedwa Kilimanjaro Porters Assistance Project, ambiri amangoti KPAP, limayang'anira m'mene makampani akusamalira anyamatawa ndipo mndandanda wa makampani ogwirizana nalo umapezeka pa intaneti. Yambirani pamenepo posankha. Kampani yabwino ya masiku 7 kapena 8 pagulu nthawi zambiri iyambira cha m'madola 2,000 kupita m'mwamba, ndipo umenewo ndi mtengo wa phiri chabe, ndeke, inshuwalansi ndi tipu zili padera. Tipu musaiwale, ndi mwambo wokhazikika kumeneko, munthu mmodzi pa sabata amasonkha pakati pa madola 200 ndi 300 amene amagawidwa kwa gulu lonse la ogwira nchito, ndipo mufunse msanga kuti amagawa bwanji, kwabwino amawerenga poyera aliyense akumva.

Kuti mudziwe ngati kampani ndi yeniyeni, safunsa anadya phula amayi, funsani mpaka atope nanu. Ngati amene mukulankhula naye ali muno mu Zambia, akupatseni dzina limene analembetsa ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndi laisensi ya Zambia Tourism Agency, komanso akuuzeni dzina la kampani ya ku Tanzania imene ikakutengeni kuphiri, chifukwa iye sakwera nanu, amene akasunge moyo wanu ndi a kumeneko. Dzina limenelo mulifufuze panokha, muone ngati lili pa mndandanda wa Tanzania Association of Tour Operators kapena wa KPAP, muwerenge zimene alendo akale analemba pa TripAdvisor osati pa peji yawo ya Facebook pokha pamene iwo amatha kufufuta zoipa, muwalembere a ku Tanzania aja kuwafunsa ngati akumudziwa munthuyu. Pemphani invoisi yolembedwa, yonena tsiku lonyamuka, njira, masiku, zimene zili mu mtengo ndi zimene mulibe, komanso chimachitika n'chani gulu likapanda kukwana kapena inu mukadwala ulendo usanafike. Ndalama ipite ku akaunti ya kubanki ya dzina la kampani, kapena mulipire ndi khadi. Munthu akakuuzani kuti tumizani pa mobile money pa nambala ya dzina la munthu wamba, lero lomwe chifukwa malo atsala amodzi, musiyeni. Makampani ambiri a dongosolo amapempha kagawo kochepa kosungira malo, yotsala mumamaliza ulendo utayandikira, theka lonse miyezi isanakwane ndi lochuluka. Ndipo ngati mwatumiza kale kena kake ndipo akuzembazemba, sungani mameseji onse mupite nawo kupolisi ndi ku Competition and Consumer Protection Commission, musachite manyazi.

Manje nkhani ya masiku, imene kwa ine ndiyo yaikulu kuposa zonse. Nsonga ya Kilimanjaro, Uhuru Peak, ili pa mamita 5,895. Chipata wathuyu ali pa mamita 1,000 ndi kanthu. Pamwamba paja mpweya umene mukoka ndi pafupifupi theka la umene munthu amakoka ali m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo thupi limatha kuzolowera koma limafuna nthawi, silimva za mphamvu zanu kapena kulimba mtima kwanu. Matenda a kumtunda amayamba kuoneka munthu akapitirira mamita 2,500, mutu kuwawa, nseru, kusafuna kudya, tulo kusabwera, ndipo amagwira aliyense, ndaonapo anyamata othamanga mipikisano akubwezedwa pamene mayi woyenda mwakachetechete kumbuyo wafika pamwamba. Pa ulendo wa masiku 5 wa Marangu mumagona ku Mandara, mawa lake ku Horombo, mawa lake ku Kibo pa mamita 4,700, usiku womwewo mwayamba kukwera nsonga. Thupi silinapume n'komwe. Ndi chifukwa chake anthu ambiri amene amabwerera panjira ndi a maulendo afupiafupiwa, ndipo zimakhala zomvetsa chisoni chifukwa munthu wapulumutsa madola pang'ono koma wataya ulendo wonse. Njira ya Machame ya masiku 7 kapena ya Lemosho ya masiku 8 ili ndi ubwino woti masana mumakwera m'mwamba, mwachitsanzo ku Lava Tower cha m'mamita 4,600, kenako n'kutsika kukagona kumunsi ku Barranco, thupi likuphunzira pang'onopang'ono. Mukakonda Marangu chifukwa cha tinyumba, tengani ya masiku 6 yokhala ndi tsiku lopuma ku Horombo. Ya masiku 5 ine sindingakuloleni mutakhala mlongo wanga.

Izi zikuyankhanso mantha anu aja oti muzikachedwetsa anzanu. Pa phiri limeneli kuchedwa ndiye lamulo, magaidi tsiku lonse amangoti pole pole, ndiye kuti pang'onopang'ono m'Chiswahili, ndipo mayendedwe ake ndi ngati mukuperekeza agogo ku tchalitchi, mpaka tsiku loyamba anthu ena amakwiya kuti bwanji tikuyenda chonchi. Gaidi wodziwa nchito amaika woyenda pang'onopang'ono kutsogolo, kumbuyo kwake kwenikweni, kuti gulu lonse litsate phazi la ameneyo, ndipo wina wa omuthandiza amatseka kumbuyo kuti pasakhale wotsala yekha. Ku Luangwa tinaphunzira zomwezi kalekale, chiyambire pamene Norman Carr anayambitsa zoyenda pansi m'tchire ndi alendo, mzere umodzi, skauti wa mfuti kutsogolo, gaidi pambuyo pake, ndipo palibe amene amasiyidwa. Funso loti mufunse kampani ndi ili, usiku wokwera nsonga pamakhala magaidi angati pa alendo angati? Yankho labwino ndi gaidi mmodzi pa alendo awiri, kuti wina akadwala atsike ndi munthu wake enawo apitirize. Gulu la anthu 12 lokhala ndi magaidi awiri okha ndi ngozi. Funsaninso ngati amanyamula oxygen ndi kachipangizo kopanira chala koyezera mpweya m'magazi, ndipo ngati amayeza aliyense m'mawa ndi madzulo.

Za BP yanu. Anthu a BP yogonja ku mankhwala amakwera, koma amene angakuuzeni kuti pitani ndi dokotala amene wakuyezani, osati ine kapena a kampani. Pitani ku Chipata Central Hospital kapena kwa dokotala amene mumaonana naye, miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike, mumuuze momveka kuti mukakwera pafupifupi mamita 6,000 ndipo mukayenda maola ambiri tsiku lililonse. Akuyezeni mtima, shuga, kuchuluka kwa magazi, ndipo ngati kubanja kwanu kuli sickle cell munene, chifukwa kumtunda matenda amenewo amavuta kwambiri. Kuli mankhwala otchedwa Diamox amene ambiri amamwa kuti thupi lizolowere msanga, amapangitsa dzanzi m'zala ndi kukodza pafupipafupi, koma musagule nokha ku famasi n'kuyamba kumwa, chifukwa mankhwala ena a BP nawonso ndi okodzetsa ndipo kuphatikiza ziwirizi ndi nkhani ya dokotala. Ngati Fansidar kapena Septrin anakuyabwanipo kapena kukutulutsani zidzolo munenenso. Mapiritsi anu a tsiku ndi tsiku akhale m'kachikwama kanu ka kumsana, osati m'chikwama chachikulu chimene anyamata amatsogola nacho, ndipo mutenge opitirira masiku a ulendo.

Mukakhala paphiri pali zizindikiro zoti osakambirana. Mutu wosamva Panadol, kusanza kosaleka, kudzandira poyenda, kusokonezeka maganizo kapena kulankhula zosamveka, kupuma movutikira muli chikhalire, chifuwa chotulutsa thovu. Zimenezi zikutanthauza kuti madzi akulowa m'mapapo kapena ubongo ukutupa, ndipo mankhwala ake ndi kutsika nthawi yomweyo, olo pakati pa usiku. Ndikunena izi motsindika chifukwa ndimawadziwa anthu athu, tinaleredwa kupirira ndi kusadandaula pamaso pa alendo, ndiye munthu woti wathira chilimba chonse pa ulendo amabisa mutu ukumuwawa kuopa kubwezedwa. Musabise. Gaidi akafunsa mwagona bwanji, mwadya, mutu uli bwanji, yankhani zoona zokhazokha. Ndipo inshuwalansi imene mugule ilembe poyera kuti ikuteteza kukwera phiri mpaka mamita 6,000 ndi kunyamulidwa pangozi, chifukwa zambiri za wamba zimathera m'munsi kwambiri, muwerenge pepalalo musanalipire.

Tibwere kwa anzanu a pagulu. Sindikunamizani, mwayi ndi waukulu woti mudzakhala munthu wakuda yekhayo wolipira pagulupo, ena onse akuchokera ku Ulaya, ku America, ku Australia, nthawi zina ku South Africa kapena ku India. Tsiku loyamba ku hotela limakhala lolemera, iwo ali ndi zovala zodula ndipo akukamba za mapiri a ku Nepal ndi ku Peru amene anakwerapo, inu muli phee, ndipo zimachitika kuti wina akuyesani wogwira nchito pa kampaniyo n'kukufunsani kuti chakudya chili nthawi yanji. Zimawawa, muyankheni mwaulemu kuti nanunso ndinu mlendo wochokera ku Zambia, basi. Anyamata onyamula katundu nawo adzayamba kukulankhulani Chiswahili poganiza kuti ndinu wa kwawo, ndipo akadziwa kuti mwachokera ku Chipata ndi ndalama zanu kudzakwera phiri, mudzaona m'mene adzakunyadirani, adzakuitanani mama ulendo wonse ndipo mau ambiri mudzawamva chifukwa zilankhulo zathu ndi zapachibale. Chimene ndaona kawirikawiri ndi choti pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu zonse za zovala zija zatha, aliyense ali ndi fumbi, aliyense sanasambe, aliyense mutu ukumuwawa, mukudyera pa tebulo limodzi mu tenti, mukubwerekana mafuta a milomo ndi mabatire a tochi, ndipo anthu amayamba kuuzana za m'mitima, wina mwamuna anamwalira chaka chatha, wina wachira ku khansa, wina banja latha. Ubwino wa gulu laling'ono ndi umenewu, pa anthu 8 kapena 10 aliyense amadziwika dzina ndipo wina akakhala chete anzake amazindikira. Likafika 15 kapena 20 limagawikana timagulu ndipo wobwera yekha ndi amene amatsala pambali. Pafupifupi gulu lililonse limakhalanso ndi mmodzi wovuta, wodandaula za chakudya kapena wofuna kuthamanga, ameneyo ndi katundu wa gaidi, inu musamusenze.

Chizungu chawo ena amalankhula mothamanga ndi m'mphuno, makamaka pa nthawi ya malangizo a madzulo, ngati simunamve nenani kuti abwereze. Komanso musakopeke ndi matumba a anzanu. Akatsika ambiri amapitiriza ku Serengeti kapena ku Zanzibar ndipo adzakuitanani ndi mtima wabwino, inu ngati bajeti yathera pa phiri nenani kuti njovu ndi mikango tili nazo kwathu ku Mfuwe, muwaitane iwo abwere.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku, walira mvula walira matope. Kusamba kulibe, amakupatsani kabeseni ka madzi ofunda m'mawa ndi madzulo kosukusulira. Zimbudzi za m'misasa ndi zokumba ndipo zina sizikhala bwino, makampani ena amanyamula kachimbudzi kawo ka mu tenti, kwa mayi ndi chinthu choyenera kufunsa. Tenti mumagona awiri, ndipo wobwera yekha amamuphatikiza ndi mkazi mnzake, koma zimenezi zilembedwe, kapena mulipire pang'ono kuti mukhale ndi yanuyanu. Chakudya ndi phala, mazira, supu, mpunga, pasta, nkhuku, zipatso, ndipo ogwira nchito amaphika ugali wawo amene ndi nsima yathu yomwe koma yolimbirako, mukapempha wophika adzakupatsani mosangalala. Madzi mumwe malita atatu kapena kuposa patsiku olo mulibe ludzu. Tsitsi lukani zingwe zosathina musananyamuke kuti chipewa chikwane. Dzuwa la pamwamba limawotcha ndi khungu lakuda lomwe, milomo imang'ambika, ndiye mafuta oteteza kudzuwa ndi magalasi akuda musasiye. Usiku wokwera nsonga amakudzutsani cha m'ma 11, pakati pa usiku mwayamba, tochi pamphumi, kuzizira kopitirira madigiri 10 pansi pa ziro nthawi zina, maola 6 mpaka 8 mukukwera mumdima, dzuwa limakutulukirani cha ku Stella Point kapena Gilman's Point m'mphepete mwa chigwa cha pamwamba, kenako kanthawi kena kukafika pa chikwangwani cha Uhuru. Pamenepo simukhalitsa, zithunzi chabe n'kuyamba kutsika, ndipo tsiku limenelo lonse mutha kuyenda maola 12 kapena kuposa. Ndaona akuluakulu akulira pamwamba paja, osati ndi ululu ayi.

Zovala musawononge ndalama. Jekete lalikulu, chikwama chogonamo cha kozizira ndi ndodo zoyendera amabwereketsa ku Moshi. Zimene muyenera kukhala nazo zanu ndi nsapato, ndipo pa salaula ya ku Kapata kapena ku Saturday Market mabuti a mapiri amapezeka mukadekha, sankhani okulirapo pang'ono kuti masokosi awiri alowe ndi zala zisagunde kutsogolo potsika. Muwavale miyezi iwiri musanapite, buti yatsopano paphiri ndi matuza okhaokha. Zamkati pewani za kotoni chifukwa zikanyowa ndi thukuta siziuma. Kukonzekera thupi tili ndi mwayi kuno, mapiri atizungulira, Kanjala ali pomwepa. Katatu pa sabata m'mamawa musanapite kusukulu kapena madzulo, kachikwama ka makilo 5 kumsana, ndi mnzanu mmodzi osati nokha, ndipo Loweruka muyende ulendo wautali wa maola 5 kapena 6, Lamlungu mubwerezenso kuti miyendo izolowere kuyenda ili yotopa. Kutsika muyesererenso chifukwa maondo ndi pamene amalirira.

Manje maganizo anga enieni ndi awa. Holide ya August chaka chino pitani ku Mulanje, Kilimanjaro mumuike August wa chaka chamawa. Mulanje ndi kunja ndithu koma ndi pafupi, mwadutsa pa Mwami, Mchinji, Lilongwe, basi ya ku Blantyre, kenako kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo mwafika, ndipo ku Likhubula mumapeza magaidi ndi onyamula katundu olankhula Chichewa chathu chomwechi. Pamwamba pali tinyumba togona monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, tili ndi alonda amene amakonza nkhuni ndi madzi, ndipo nsonga yake Sapitwa ili pa mamita 3,002. Masiku atatu kapena anayi kumeneko adzakuuzani zonse zimene mukufuna kudziwa, m'mene maondo anu alili, m'mene BP ikuchitira mukakwera, ngati mabuti ali bwino, ngati mungathe kugona chipinda chimodzi ndi anthu osawadziwa, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka wa Kilimanjaro. Musalipeputse phirilo, njira zake zina ndi zotsetsereka kuposa za Kilimanjaro, pokwera Sapitwa mumagwira miyala ndi manja, ndipo nkhungu ya chiperoni imatha kutseka mwadzidzidzi m'miyezi yozizira. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko atasiya gaidi wake n'kupitiriza yekha. Gaidi akati lero sitikwera, musatsutse. Mukayamba ndi Mulanje mudzakhala ndi chaka chathunthu chosonkhanitsa ndalama ya ulendo wa masiku 7 kapena 8, ndipo mwina mudzapeza mphunzitsi mnzanu woti mupite naye. August ndi nyengo yabwino ku Kilimanjaro chifukwa kuyambira June mpaka October kumakhala kouma, holide ya April ndiye ayi, imeneyo ndi nthawi ya mvula yaikulu kumeneko.

Mapepala ndi mayendedwe sizovuta. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuchokera tsiku lolowa, ndipo ife a ku Zambia sitifuna viza ku Malawi kapena ku Tanzania pa ulendo wocheza. Katemera wa yellow fever bayitsani masiku 10 kapena kuposa musananyamuke musunge kakhadi kachikasu, chifukwa ndeke zambiri zimadzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa ndipo angakufunseni, chiyambire 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse. Poyang'ana matikiti yerekezani a ku Lilongwe ndi a ku Lusaka, ife a Chipata bwalo la Kamuzu lili pafupi kuposa kuyenda Great East Road yonse, ndipo mutsikire pa Kilimanjaro International Airport pakati pa Arusha ndi Moshi. Pamsewu ndi zotheka kudzera ku Mzuzu, Karonga, malire a Songwe mpaka Mbeya kenako mabasi a ku Tanzania, n'zotchipa koma ndi masiku angapo mutakhala pampando, ndiye mufike ku Moshi masiku awiri gulu lisananyamuke kuti mupume. Madola a tipu akhale atsopano osang'ambika, akale amakana. Ndipo popeza mtengo uli m'madola pamene malipiro anu ali mu kwacha, siyani mpata mu bajeti, kwacha imasintha.

Abale anu a malata aja musawakwiyire, akunena mwa chikondi ndipo kwathu kuno munthu kulipira kuti akavutike paphiri ndi chinthu chachilendo. Ngati nyumba ikudonthadi kapena muli ndi ngongole, yambani ndi zimenezo phiri silithawa, ndipo kaloba kapena loni ya pa salale chifukwa cha ulendo uno ayi ndithu. Koma ngati denga lili bwino, ana munaphunzitsa, ndalama ndi ya thukuta lanu, palibe cholakwa. Muwauze tsiku lonyamuka ndi lobwera, musiye kwa mmodzi wa ana anu kopi ya pasipoti, pepala la inshuwalansi ndi nambala ya ofesi ya kampani ku Moshi, muwachenjezenso kuti netiweki paphiri imagwira mwa apo ndi apo kuti asachite mantha mukakhala chete masiku awiri. Mukabwerako, mukamva kutentha thupi, chifuwa chosatha kapena mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa pambuyo pa ulendo wautali wa basi kapena ndeke, pitani kuchipatala tsiku lomwelo muwauze kumene mwachokera. Mukapeza makampani awiri kapena atatu amene akukupatsani masiku 7 kupita m'tsogolo, nditumizireni zimene alemba tidzaziwerenge pamodzi musanalipire.